Mwana akufuna kukasaka mbawala ku Wisconsin: chiphaso, mfuti ndi mkangano wa kusukulu

Bambo a Tadala: Akuluakulu, funso ili lafunsidwa kangapo mwezi uno, ndiye ndaliika pano kuti tithandizane pamodzi. Banja lili ku Wisconsin ku America, mnyamata wa zaka 15 anzake akumuitana kuti akalowe nawo m'tchire mu November kukasaka deer. Makolo alibe mfuti ndipo sakudziwa poyambira. Chachiwiri, kusukulu kwa mwanayo kulibe kalabu ya uta kapena yowombera mbale zadothi zoponyedwa m'mwamba, ndipo makolo ena akuti ndi bungwe la aphunzitsi likutsekereza. Odziwa tiuzeni. Tikamati mbawala pano tikunena deer wa kunoyu wa mchira woyera, tisakanganepo za dzina.

Ngozo: Asayambe n'kugula mfuti. Ayambe ndi sukulu ya alenje. Ku Wisconsin aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 1973 sangagule chiphaso chosakira payekha asanakhoze maphunziro a hunter education omwe amayendetsa a DNR, dipatimenti yoona zachilengedwe. Malipiro ake ndi ochepa, koma malo amadzadza msanga mu September ndi October, ndiye alembetse pa Go Wild, tsamba la pa intaneti la a DNR, kudakali chilimwe. Wa zaka 14 kupita m'mwamba akakhala ndi satifiketi amaloledwa kusaka yekha. Wa zaka 12 kapena 13 ayenera kukhala ndi wamkulu woti akuonana ndi kumvana. Palinso njira ya mentored hunting: mwana wopanda satifiketi amasaka ali pambali pa mlenje wamkulu wa ziphaso zake, pafupi poti wamkuluyo atatambasula mkono amukhudza. Kuyambira 2017 njira imeneyi ilibe malire a zaka.

Nyengo yaikulu ya mfuti ndi ya masiku 9, kuyambira Loweruka lotsogolera Thanksgiving, chikondwerero cha kumapeto kwa November, mpaka Lamulungu la sabata yotsatira. Koma poti mnyamatayo ali ndi zaka 15, pali masiku awiri a ana okhaokha kumayambiriro kwa October. Amenewo ndiwo abwino kuyambira: kuzizira sikunafike poluma zala ndipo m'tchire simudzadza anthu.

Mayi Nabanda: Musanapite patali a Ngozo, pali nkhani ya mapepala imene anthu athu amaiphonya. Mwini green card amagula mfuti monga nzika. Koma amene ali pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lonse limamuletsa kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula ngati ali ndi chiphaso chosakira chimene sichinathe mphamvu. Ndiye mvetsani: ziphaso za Wisconsin zimatha pa 31 March. Munthu wa visa akasiya mfuti m'kabati n'kuiwala kugula chiphaso chatsopano, pa 1 April ali kale kunja kwa lamulo, ngakhale mfutiyo sanaikhudze chichokereni m'tchire. Amene mapepala ake anatha asayerekeze n'komwe, ngakhale kubwereka ya mnzake kumalo oyesera kuwombera. Mlandu wake umathera kundende kenako pa ndege.

Kusitolo amadzazitsa Form 4473 ndipo amafufuza mbiri yanu kudzera ku NICS, dongosolo la boma lofufuzira ogula mfuti. Pafomupo pali funso la chamba. Kunama pamenepo ndi mlandu waukulu pawokha. Wogulitsa wa laisensi sagulitsa mfuti yaitali kwa wosakwana zaka 18, kapena pisitolo kwa wosakwana 21. Kholo likhoza kugula mfuti ngati mphatso yeniyeni ya mwana wake. Chosaloledwa ndi kutenga ndalama za munthu wina n'kukamugulira m'dzina lanu. Zoti "achimwene tandigulireni, ine fomu ikundivuta" zimapatsa zaka mpaka 15.

Chikumbutso M.: Chaka choyamba asagule n'komwe. Abwereke kwa mlenje amene adzamuperekezeyo, aone ngati mtima ulipodi. Akafuna kugula, ya .243 Winchester ya boloti ndi yokwanira mbawala ndipo simenya phewa kwambiri. Ya .30-06 ndi yabwino koma kwa mwana wochepa thupi imamuphunzitsa kutsinzina asanawombe, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa. Muonenso kutalika kwa chitako cha mfuti: mwana akavala jekete yokhuthala, mfuti ya wamkulu imamutalikira, ndiye amasuzumira moyandikira galasi loyang'anira la pamfuti, likabwerera limamung'amba pachikope.

Kuyika galasi pamzere kumayenda motere. Yambani pa mayadi 25 ndi pepala lalikulu, mfuti itagona pa matumba a mchenga. Wombani katatu, osasintha kanthu pakati. Yezani kuchokera pakati pa mabowo atatuwo, osati pa bowo limodzi lomwe lakusangalatsani. Magalasi ambiri kudina kumodzi kumasuntha chipolopolo kota ya inchi pa mayadi 100. Ndiye pa mayadi 100 ngati mwagwera mainchi 3 pansi ndi mainchi 2 kumanzere, dinani ka 12 kukweza ndi ka 8 kupita kumanja. Pa mayadi 25 chulukitsani kanayi: inchi imodzi ikufuna kudina ka 16. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka n'kumati galasi ndi lowonongeka. Mabowo akamamwazikana popanda dongosolo, musathamangire kudina. Onani kaye tizomangira ta galasi ngati tamasuka, dikirani mpope uzizire, ndipo musasakanize zipolopolo. Mtundu ndi kulemera kwa chipolopolo chimene mwayesera ndi komwe mukalowe nako m'tchire.

Ngozo: Kuwonjezera pamenepo, zovala. Nthawi ya mfuti theka la zovala zakunja kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba liyenera kukhala la orenji wowala uja, ndipo chipewa ngati mwavala chimodzimodzi. Pinki wowala analoledwanso mu 2016. Mbawala siona orenji monga timamuonera ife, chimene imamva ndi fungo ndi kusuntha, ndiye khalani mphepo ikuchokera kumene mukuyembekeza nyama kubwera kwa inu.

Ngozi imene imapweteka alenje ambiri si chipolopolo, ndi kugwa mumtengo. Okwera pa kansanja ka mumtengo avale lamba wa thupi lonse ndipo amangirire asanachoke pansi, chifukwa ambiri amagwa pokwera ndi potsika, osati atakhala. Mfuti simukwera nayo kumsana. Imakwezedwa ndi chingwe, yopanda chipolopolo, mpope utaloza pansi.

A Mwale: Zonsezo zamveka, koma tiyeni tinene zoona pa funso lachiwirilo. Sukulu za boma kuno zinalanda ana m'manja mwa makolo. Mwana angotchula zoti kwawo kuli mfuti, amuyang'ana ngati chigawenga. Mabungwe a aphunzitsiwa ntchito yawo ndi malipiro basi. Ku Milwaukee nthawi ya Covid ana anakhala pa kompyuta mpaka April 2021 pamene sukulu zambiri zakumidzi zinatsegula kalekale. Pa mayeso a dziko lonse a NAEP a 2024, mwa ana a giredi 4 mumzindawo ndi pafupifupi mmodzi pa khumi amene anawerenga pamlingo woyenera. Mu 2024 anthu anavota kuwonjezera $252 miliyoni ku ndalama za sukulu za mumzindawo, patangotha miyezi iwiri zinadziwika kuti malipoti a ndalama sanapite kuboma pa nthawi yake, mkulu wa sukulu Keith Posley n'kutula pansi udindo. Ndiye anthu otere mukuti angalole kalabu ya mfuti?

Mayi a Chisomo: A Mwale, za Milwaukee mwanenazo ndi zoona ndipo palibe angaziikire kumbuyo. Koma mwaika katundu wa anthu atatu pamutu pa munthu mmodzi. Malipoti a ndalama amalemba ndi ofesi ya oyendetsa sukulu, osati aphunzitsi. Ndipo mwa zigawo zonse za America, Wisconsin ndi kumene bungwe la aphunzitsi linathyoledwa msana poyera. Mu 2011 bwanamkubwa Scott Walker anasaina Act 10, lamulo lochepetsa mphamvu za mabungwe a ogwira ntchito m'boma. Anthu anagona m'nyumba ya malamulo ku Madison, maseneta 14 a Democrat anathawira ku Illinois kuti voti isachitike, koma lamulo linadutsabe. Kuchokera pamenepo bungwe limangokambirana za malipiro oyambira okha, ndipo sangakwere kuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu popanda voti ya anthu a m'deralo. Maola a ntchito, kukula kwa kalasi, makalabu, zonse zinachoka patebulo. Chaka chilichonse bungwe liyenera kuvoteredwanso ndi 51 peresenti ya ogwira ntchito onse, ndipo amene sanavote amawerengedwa ngati wakana. Ndalama za umembala sizidulidwanso kumalipiro. Apolisi ndi ozimitsa moto ambiri ndi amene anasiyidwa osakhudzidwa, ndipo n'chifukwa cha kusiyanitsa kumeneko woweruza wa ku Dane County mu December 2024 anagamula kuti mbali yaikulu ya lamulolo ndi yosemphana ndi malamulo aakulu a Wisconsin, nkhani n'kupita ku apilo.

Ndiye kalabu ya uta ikasowa pasukulu, khomo logogoda ndi la school board, komiti yosankhidwa yoyendetsa sukulu za m'deralo, ndi la mphunzitsi woona zamasewera. Bungwe lilibe siginecha pa nkhani imeneyo.

A Mwale: Siginecha alibe, koma mavoti ali nawo. Zisankho za school board zimachitika Lachiwiri loyamba la April, anthu ochepa ndi amene amatuluka. Bungwe limasankha munthu wake, kumugogodera makomo, n'kupambana. Ndiye board imene mukuti tikagogodeyo mwini wake ndani?

Mayi a Chisomo: Pamenepo mwalasa. M'mizinda ikuluikulu mawu a bungwe pa chisankho ndi olemera ndithu. Kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono si choncho, ndipo kumeneko aphunzitsi ambiri ndi alenje okha. Sukulu zina za kumpoto zimangotseka sabata yonse ya Thanksgiving chifukwa zimadziwa kuti makalasi akhala opanda anthu.

Mayi Nabanda: Poti mwatchula mavoti: amene si nzika asavote, ngakhale ka chisankho ka school board. Green card si chilolezo chovotera, ndipo funso limenelo lidzakupezani pofunsira unzika. Kulankhula pamsonkhano wa board ndiye aliyense wokhala m'deralo akhoza. Mumalembetsa dzina msonkhano usanayambe, amakupatsani mphindi ziwiri kapena zitatu.

Kondwani wa ku Twin Cities: Ndilowepo pa za kalabu chifukwa anthu amapita kwa board ndi mkwiyo m'malo mwa pepala. Pali zinthu ziwiri zosiyana.

Uta: pali pulogalamu ya NASP imene inayambira ku Kentucky mu 2002, ya ana a giredi 4 mpaka 12. Onse amagwiritsa uta wa mtundu umodzi, Genesis, wopanda choyang'anira, kulasa pa mamita 10 ndi 15, m'holo ya masewera momwemo ndi katani yotchinga mivi kumbuyo. Chimene chimafunika ndi mphunzitsi mmodzi wochita maphunziro a tsiku limodzi, ndiponso kuti phunzirolo lilowe mu nthawi ya sukulu, kawirikawiri mu P.E., phunziro la masewera olimbitsa thupi. Popanda mphunzitsi wovomera, palibe chichitike. Ndiye amene mukumunyozayo ndi yemwe mukumufuna.

Kuwombera mbale: ligi ya sukulu za sekondale inayambira kuno ku Minnesota ndipo Wisconsin ili ndi yake. Mfuti sizifika pasukulu ngakhale tsiku limodzi. Ana amakumana ku kalabu ya mfuti ya m'deralo, sukulu imangovomereza kuti timu igwiritse dzina lake. Pa trap, womwe ndi mtundu umodzi wa masewerawa, owombera asanu amaima mayadi 16 kumbuyo kwa kanyumba kotulutsa mbale, aliyense mbale zisanu pa malo alionse mwa malo asanu, zonse 25, lomwe ndi bokosi limodzi la makatiriji. Pa sabata amawombera maulendo awiri, mbale 50. Mfuti ndi shotgun ya 12 kapena 20 gauge, timachaka ta nambala 7½ kapena 8, zoteteza maso ndi makutu mokakamiza, ndipo mwana aliyense ayenera kukhala ndi satifiketi ya chitetezo asanayambe. Mukapita kwa board mutenge zinthu zinayi: dzina la kochi, kalata ya kalabu yovomera kupereka malo, mayina a ana ofuna, ndi pepala la inshuwalansi ya ligi. Funso lawo loyamba limakhala loti "pakachitika ngozi alipira ndani", lachiwiri "sukulu iwononga zingati". Yankho la lachiwirilo likakhala loti makolo ndi kalabu adzilipirira okha, nkhani imafewa.

Chikumbutso M.: Cholakwa cha ana oyamba kumene pa trap: amaloza mbale ngati akuwombera pepala, n'kuimitsa mfuti pokoka. Machaka amadutsa kumbuyo. Tsaya likhale lomatirira pachitako, maso pa mbale osati pa mpope, ndipo mfuti ipitirize kuyenda ngakhale mutawomba kale.

Mayi a Chisomo: Ndipo mantha a sukulu ena anachokera ku Washington osati kwa aphunzitsi. Lamulo la 2022 lija la Bipartisan Safer Communities Act linali ndi mawu oletsa ndalama za boma lalikulu za maphunziro kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa munthu chida choopsa. Cholinga chinali pa nkhani yopatsa aphunzitsi mfuti, koma unduna wa maphunziro unawerenga kuti ndi uta ndi maphunziro a alenje omwe. Sukulu zinayamba kuimitsa mapulogalamu. Mu 2023 Congress inakonza ndi Protecting Hunting Heritage and Education Act, m'nyumba ya House mavoti 424 kwa 1, Joe Biden n'kusaina mu October. Ndiye woyendetsa sukulu akakuuzani lero kuti boma limaletsa, akunena za chiletso chimene chinachotsedwa.

Za ndalama, kumbukirani kuti kuyambira 1993 boma la Wisconsin linaika denga pa ndalama zimene chigawo cha sukulu chingatolere pa mwana aliyense. Kuti apyole dengalo ayenera kufunsa ovota. Zikavuta, zoyamba kudulidwa ndi makalabu ndi maulendo.

A Mwale: Chabwino. Nanga kholo lotopa nayo sukuluyo lichite chiyani, lingodikira April?

Mayi a Chisomo: Njira zilipo zitatu. Open enrollment: mumafunsira malo kusukulu ya boma ya chigawo china cha sukulu, kuyambira kumayambiriro kwa February mpaka kumapeto kwa April, koma mayendedwe a mwana ndi anu. Ma voucher, ndalama za boma zolipirira mwana kusukulu yomwe si ya boma: Milwaukee ndi kumene anayambira mu 1990, pano alipo mu Wisconsin monse koma amayang'ana ndalama zimene banja limapeza. Kuphunzitsa pakhomo: fomu ya PI-1206 chaka chilichonse, maola 875 a maphunziro. Koma musasamutse mwana chifukwa cha kalabu yokha. Ngati vuto ndi kuwerenga, funsani sukulu zotsatira za kuyeza kumene lamulo la Act 20 la 2023 limalamula kwa ana aang'ono, ndi dongosolo lomuthandizira mwana amene wapezeka wotsalira.

Bambo a Tadala: Tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Masiku a sukulu amene agwera m'sabata yosakayo atani nawo?

Mayi Nabanda: Lamulo la Wisconsin limalola kholo kupempha mwana asapite kusukulu masiku mpaka 10 pa chaka, bola kalata ifike tsikulo lisanafike, ndipo ntchito ya m'kalasi adzaimalize. Musanamize kuti akudwala.

Chachikulu ndi galimoto. Mwana amene wachokera m'tchire Lamulungu madzulo asapite kusukulu Lolemba ndi galimoto yomweyo musanaisese: mfuti, makatiriji ogwera pansi pa mpando, mpeni wosendera m'kabokosi ka kutsogolo. Lamulo la 1994 la Gun-Free Schools Act limafuna kuti wobwera ndi mfuti kusukulu achotsedwe chaka chathunthu, ndipo malamulo a sukulu zambiri amawerenga malo oimika magalimoto ngati sukulu yomwe. Zoti "ndinaiwala" amamva, koma ndondomeko imayambabe. Makolonso, mukamadutsa mkati mwa mafiti 1,000 kuchokera pa malo a sukulu, mfuti ikhale yopanda chipolopolo, m'bokosi lokhoma. Kunyumba chimodzimodzi, mfuti kwina, zipolopolo kwina, zonse zokiya. Wisconsin ili ndi mlandu wake wosiya mfuti yodzaza poti mwana wosakwana zaka 14 angaifikire.

Ngozo: Akapha, ntchito ndiye yayamba. Lasani kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pa mtima ndi mapapo, nyama itaima chammbali. Ikathawa musaithamangire, dikirani theka la ola kenako tsatirani magazi. Mukaona zobiriwira zonunkha ndiye mwalasa m'mimba, dikirani maola angapo, mukaifulumira imadzuka n'kupita kutali. Tumbulani pomwepo: mpeni kuthwa kwake kuloze m'mwamba, zala ziwiri zikukankha matumbo kuti musaboole chifu kapena chikhodzodzo. Tsekulani chifuwa ndi kamtengo mphepo ilowe. Nyama iyenera kuzizira kufika pa madigiri 4 a Celsius. Kunja kukatentha kuposa pamenepo ikani matumba a ayezi m'chifuwamo, osaiphimba ndi tenti kumbuyo kwa galimoto. Kulembetsa ku DNR ndi pofika 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira, pa foni kapena pa intaneti, ndipo nambala imene akupatseni muisunge.

Anaphiri: Nanga zam'kati ndi mutu? Ife zotaya mutu wa nyama m'tchire sitinazolowere, bongo ndi msuzi wa mafupa ndiye ndiwo zenizeni.

Ngozo: Achemwali, apa pokha chizolowezi cha kwathu tichisiye. Ku Wisconsin kuli matenda a mbawala a CWD, anapezeka koyamba mu 2002 ndipo achuluka kumwera chakumadzulo, madera a Iowa County, Dane ndi Sauk. Choyambitsa si kachilombo wamba kofa ndi moto, kuwiritsa usiku wonse sikuchipha. Chimaunjikana mu bongo, m'fupa la msana, m'maso, mu kapamba ndi m'timwanabere. Nyama yodwala imatha kuoneka yonenepa bwinobwino kwa miyezi yambiri. Palibe munthu amene zatsimikizika kuti anadwala nawo, komabe a CDC, bungwe la boma loona za matenda, amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe. Ndiye chotsani mnofu pa mafupa osadula msana ndi sowo, valani magolovesi, mutu ndi kachidutswa ka khosi mukasiye pa malo oyezera a DNR, kuyeza n'kwaulere. Nyama muiike mufiriji yolembedwa tsiku, mbawala iliyonse payokha, mpaka zotsatira zituluke. Mtima ambiri amadya, koma nawonso udikire zotsatira. Mukapereka kwa opera nyama funsani ngati amagaya yanu payokha, chifukwa ena amasakaniza za alenje angapo.

Chikumbutso M.: Ndipo dulani mowolowa manja mnofu wozungulira bala. Chipolopolo cha mtovu chimamwaza tizidutswa tosaoneka patali ndithu ndi pamene chadutsa, ndipo pogaya timafalikira mu nyama yonse. Pakhomo pakakhala ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, gulani zipolopolo za kopa. N'zodulirapo ndipo sizigwera pamodzimodzi ndi za mtovu, ndiye mubwerere kukayesanso galasi. Nyama yogaya iphikidwe kufika madigiri 71.

Anaphiri: Ikachuluka tingagulitseko kwa anzathu pagulu pano?

Mayi Nabanda: Ayi, kugulitsa nyama ya mbawala ya m'tchire n'koletsedwa. Kugawa mwaulere ndiye palibe vuto, ndipo a DNR ali ndi dongosolo loperekera mbawala yathunthu kwa opera nyama osankhidwa kuti ipite kumalo ogawa chakudya. Muimbireni kaye woperayo musananyamuke, masiku a nyengo ya mfuti mafiriji awo amadzadza pofika Lolemba.